KUYESA MPHAMVU YA MPHEPO PA DENGA

Anthu pomanga nyumba amaopa mvula ndi ciswe, koma olingalira za mphepo ali owerengeka. Komatu mphepo ikhoza kusasula m'kamphindi denga limene mpingo unalisonkhera ndalama zaka zitatu. Cifukwa cace nkwabwino kuti mmisiri adziwe kuyesa mphamvu yace asanakhome msomali.

Anamondwe akuru amabadwira pa nyanja ya mcere ya India. Idai anapasula mzinda wa Beira m'Malichi 2019, ndipo Freddy anasakaza kumwera kwa Malawi m'Malichi 2023. Lusaka ali kutali ndi nyanja, ndipo namondwe akalowa pamtunda amafooka. Koma mzindawu uli ndi mdani wina, ndiye cimphepo cotsogolera mvula ya mabingu, makamaka poyamba dzinja, cimene cimaomba kanthawi kocepa koma mwaukali.

Coyamba ndi kudziwa liwiro la mphepo. M'caka ca 1805 Francis Beaufort, wa m'zombo za nkhondo za Britain, anakonza muyeso wa mphepo, ndipo pambuyo pace ena anaonjezapo zizindikiro za pamtunda. Nthambi zazing'ono zikamathyoka, mphepo ikuthamanga makilomita 62 kufikira 74 pa ola. Mitengo ikamazuka, yapitirira 89. Ikafika 118, ndiyo mphepo ya namondwe weniweni.

Caciwiri ndi kuwerenga katundu amene mphepoyo isenzetsa nyumba. Mmisiri acurukitse liwirolo ndi liwiro lomwelo, nagawe cotulukaco ndi 240. Yankho lace ndiwo makilogalamu ogwera malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mphepo ya makilomita 60 ipereka makilogalamu 15, koma ya 120 ipereka 60. Apa pali phunziro lalikuru: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu iwirikiza kanai. Ciwerengero ca 240 ciyenera Lusaka, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita ngati 1,280, pamene mpweya uli wopepuka. Kunyanja, monga ku Beira, agawe ndi 210.

Cacitatu ndi kuzindikira kuti mphepo simapanikiza denga la malata, koma imalinyamula. Podutsa pamwamba ilikokera kumwamba, ndipo ikalowa pa khomo kapena pa zenera ilikankhanso kucokera m'kati. Denga la nyumba ya mapemphero la mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa mphepo ya makilomita 120, likhoza kukokedwa ndi mphamvu yonga makilogalamu 9,600, ndiwo matumba 192 a cimanga a makilogalamu 50. Koma malata ambiri safika ngakhale makilogalamu 5 pa mita yotere. Cosunga denga tsono si kulemera kwace ai, koma kumangika kwace.

Malo nao ali ndi mau. Mphepo imakula pokwera m'mwamba, kotero omanga nyumba zazitali zonga Findeco House pa mseu wa Cairo ayenera kuwerenga katundu woposa wa nyumba zapansi. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga mitengo yambiri imacepetsa mphepo, koma mtengo woyandikana kwambiri ndi khoma ukhoza kugwera nyumba. Nyumba yoima payokha poyera, kaya kunja kwa Chelstone kaya kumudzi, ilandira mphamvu yonse. Ku Kabwata Cultural Village kukali nyumba zozungulira za udzu, zotsala mwa zija anamangira anchito m'masiku a atsamunda. Nyumba yozungulira mphepo imailambalala, pakuti ilibe ngondya zoigwira.

Mpingo womanga ukumbukire izi. Mitengo ya denga imangidwe ku khoma ndi waya wolimba wolowa pansi pa mizere ingapo ya njerwa. Misomali icuruke m'mphepete ndi pa ngondya, pakuti ndipo pamene kusasuka kumayambira. Malata asatulukire kunja kwambiri. Kusanjika miyala padenga sikuthandiza, pakuti denga likauluka miyalayo igwera anthu. Cimphepo cikamadza, zitseko ndi mazenera zitsekedwe.

Waya ndi misomali mtengo wace ngwocepa poyerekeza ndi denga latsopano. Ndipo nthawi yoyendera denga ndi mwezi wa Okutobala, mitambo isanasonkhane.