MUSANAGWADE, KUMBUKIRANI MNZANU

Werengani: Machitidwe 16:11-15; Afilipi 4:2-7; Mateyu 5:23-24
Vesi loloweza pamtima: Marko 11:25

Mawu oyamba

Phunziro lathu la mwezi uno likunena za pemphero. Pa nkhani ya kupemphera, ife a Chigwirizano sitibwerera m'mbuyo. Kukagwa maliro, oyamba kufika ndife. Wina akagonekedwa m'chipatala ku Lundazi, timanyamula phala ndi Baibulo kukamuona. Mu 2024, pamene chilala chinaumitsa chimanga m'madera ambiri a Zambia, tinagwada kupempha mvula ndi chakudya cha ana athu. Zonsezi n'zabwino, ndipo tisaleke.

Koma lero tifunsane funso limene kawirikawiri timalizemba. Pamene mukupemphera, muli bwanji ndi mnzanu uja wagwada pambali panu? Kodi munapatsana moni polowa m'tchalitchi? Mawu a Mulungu amatiphunzitsa kuti chiyanjano chathu ndi Mulungu ndi chiyanjano chathu ndi anzathu zimayendera pamodzi. Tiona zimenezi pa mpingo wa ku Filipi.

1. Mpingo umene unabadwira pa msonkhano wa amayi

Filipi unali mzinda wa ku Makedoniya, kumene lero ndi kumpoto kwa dziko la Greece, ndipo unali m'manja mwa Aroma. Paulo anafikako pa ulendo wake wachiwiri, cha m'chaka cha 50, ali ndi Sila ndi Timoteo. Pa tsiku la Sabata anatuluka kunja kwa chipata cha mzinda, napita kumtsinje kumene ankayembekezera kupeza malo opempherera. Amene anawapeza kumeneko anali amayi.

Pakati pawo panali Lidiya wa ku Tiyatira, mayi wamalonda wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali. Ambuye anatsegula mtima wake, anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwake, ndipo nthawi yomweyo anaumiriza alendo aja kuti akakhale kwawo. Taonani ndondomeko yake. Choyamba pemphero, kenaka mtima wotseguka kwa Mulungu, kenaka khomo lotsegukira anthu. Paulo ndi Sila atatuluka m'ndende, anapita kunyumba kwa Lidiya komweko, ndipo ndi kumene anaonana ndi abale (Machitidwe 16:40).

Mpingo wathu nawonso unayamba mwa njira yonga yomweyi. Pa 5 July 1899, abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr anayamba ntchito pa Magwero, pafupi ndi Chipata, kulibe tchalitchi, kulibe belu. Kunali anthu ochepa, Mawu a Mulungu ndi pemphero. Kuchokera pamenepo ntchito inafika ku Madzimoyo, ku Nyanje, ku Katete, mpaka lero tikupemphera kuno kwa Kapichila. Tisapeputse kagulu ka anthu opemphera ndi mtima umodzi.

2. Euodiya ndi Suntuke

Patapita zaka ngati khumi, Paulo ali m'ndende, analembera kalata Akhristu a ku Filipi. Ndi kalata yachimwemwe, yothokoza chifukwa cha mphatso imene anamutumizira kudzera mwa Epafrodito. Koma chakumapeto kwake akutchula amayi awiri ndi maina awo, Euodiya ndi Suntuke, ndi kuwadandaulira kuti agwirizane mwa Ambuye.

Makalata otere ankawerengedwa mokweza pamaso pa mpingo wonse. Taganizani mmene amayi awiriwa anamvera atamva maina awo. Nkhani yawo inali itakula ndithu, mpaka inakamupeza Paulo m'ndende kutali.

Tione zinthu zinayi m'ndimeyi.

Choyamba, amayiwa sanali Akhristu ofooka. Paulo akuchitira umboni kuti anagwira naye ntchito ya Uthenga Wabwino molimbika, pamodzi ndi Klemensi ndi ena, ndiponso kuti maina a antchito amenewa ali m'buku la moyo. Akanakhala a masiku ano, bwenzi wina ali wapampando, wina msungichuma. Kusamvana kumalowa ngakhale pakati pa olimba m'pemphero.

Chachiwiri, Paulo sakutiuza chimene anayambanirana. Sakunena kuti wolakwa ndani. Akudandaulira aliyense payekha, mofanana. Ife tikamva kuti anthu ayambana timathamangira kufunsa kuti anayamba ndani. Paulo akufunsa kuti ayamba ndani kubwerera.

Chachitatu, akupempha munthu wachitatu, mnzake wokhulupirika, kuti awathandize. Mkangano wa awiri mu mpingo ndi katundu wa tonse. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Chachinayi, mawu aja timawakonda kwambiri, otiuza kuti tisade nkhawa koma tipereke zopempha zathu kwa Mulungu ndi chiyamiko, ndi kuti mtendere wa Mulungu udzasunga mitima yathu, ali pa vesi 6 ndi 7 m'mutu womwewu. Akubwera pambuyo pa nkhani ya Euodiya ndi Suntuke. Ambiri a ife tinaloweza vesi 6, koma vesi 2 timalilumpha. Tikufuna mtendere wa Mulungu pomwe tikukana mtendere ndi mlongo wathu mwa Ambuye.

3. Chimene Ambuye Yesu ananena

Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akunena za munthu amene wafika pa guwa la nsembe ndi mphatso yake, ndipo pomwepo wakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa. Akumuuza kuti asiye mphatsoyo, apite akayanjane ndi mbale wake, kenaka abwere adzapereke. Yesu ankalankhula mawu amenewa ku Galileya, pomwe guwa la nsembe linali ku Yerusalemu, ulendo wa masiku angapo wapansi. Omvera ake anadziwa kuti akuwauza chinthu chovuta. Komabe Ambuye anaona kuti kuli bwino nsembe idikire kusiyana ndi kuti chiyanjano chidikire.

Pa Marko 11:25 nkhani yatembenuka. Tsopano ndinu amene muli ndi mangawa ndi munthu wina, ndipo Yesu akuti pamene mwaimirira kupemphera, mukhululukire. Choncho palibe pothawira. Ngati mwalakwira mnzanu, pitani. Ngati mnzanu wakulakwirani, khululukani. Mbali zonse ziwiri, woyamba kuchitapo kanthu ndi inu amene mukupempherayo.

Pemphero la Ambuye limene timanena sabata ndi sabata limatikumbutsa zomwezi. Timaitana Mulungu monga Atate wa ife tonse, timapempha chakudya cha ife tonse, ndi chikhululukiro cha ife tonse. Mnzanu uja simulankhula naye ali m'kati mwa pemphero lanu, mufune musafune. Yohane akuti munthu amene sakonda mbale wake amene amamuona sangathe kukonda Mulungu amene sanamuone (1 Yohane 4:20).

Apa tisamale, tingasokoneze chiphunzitso. Sitigula chikhululukiro cha Mulungu ndi kukhululukira kwathu. Tinakhululukidwa mwa chisomo chokha, chifukwa cha mwazi wa Khristu. Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa mu 1563 ndipo mipingo ya Reformed imamugwiritsa ntchito mpaka lero, pa funso 116 amaphunzitsa kuti pemphero ndilo gawo lalikulu la kuthokoza kumene Mulungu amafuna kwa ife. Pa funso 126 amaonetsa kuti mtima wofuna kukhululukira mnzathu ndi umboni wa chisomo cha Mulungu mwa ife. Wokhululukidwa amakhululuka. Tikaona kuti mtima wathu waumira mnzathu, tidzifunse ngati tikukumbukirabe kukula kwa ngongole imene Ambuye anatifafanizira.

4. Zimene zinandichitikira

Sindikulemba izi ngati munthu amene anafika kale. Chaka china mbuzi za mayi wina woyandikana nane zinalowa m'dimba langa, n'kudya repu ndi tomato amene ndinkayembekezera kugulitsa kuti ndilipirire mwana zofunika kusukulu. Nditakawauza, anandiyankha kuti mpanda wanga unali woola. Mawu amenewo anandiwawa kuposa ndiwo zimene zinadyedwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuwapatsa moni. Ndikawaona pa mjigo, ndinkadikira kuti atunge achoke. Kuchigayo, chimodzimodzi. Ana athu, amene ankasewera limodzi, anayamba kuzembana. Koma tonse awiri tinali a Chigwirizano chimodzi, ovala yunifolomu imodzi, oimba nyimbo imodzi. Zinatha miyezi inayi zili choncho.

M'miyezi imeneyo sindinaleke kupemphera. Koma mapemphero anga anasanduka milandu. Ndinkamuuza Mulungu za mbuzi, za mpanda, za mawu aja. Ndikadzuka pogwada mtima unali wolemera monga mmene unalili. Tsiku lina ndinapatsidwa kuti nditsogolere pemphero la kutseka pa msonkhano wathu. Nditafika pa mawu opempha chikhululukiro m'Pemphero la Ambuye, ndinamva liwu la mayi aja kumbuyo kwanga likunena mawu omwewo. Pakhosi panga panauma. Ndinadziona kuti ndikunamiza Mulungu pamaso pa anthu.

M'mawa mwake ndinatenga kambale ka mtedza n'kupita kwawo. Ndinati, "Odi, amake mwana, ndabwera kudzapepesa. Ndakhala ndikukudutsani osapereka moni." Anakhala chete kanthawi, kenaka anandiyalira mphasa. Anandiuza kuti sabata imene mbuzi zinalowa m'dimba, amuna awo anali atadwala kwambiri, ndipo panalibe woziyang'anira. Ine sindinadziwe, chifukwa sindinafunse. Repu wanga sanabwerere. Koma madzulo a tsiku limenelo ndinapemphera ngati mwana amene akulankhula ndi atate wake.

5. Tichite chiyani?

(a) Yambani ndi kumupempherera pomutchula dzina. Musamupereke kwa Mulungu ngati wopalamula. M'pemphereni madalitso pa munda wake, pa ana ake, pa thanzi lake. N'kovuta kudana ndi munthu amene mukumupempherera tsiku ndi tsiku.

(b) Pitani nokha, msanga. Mateyu 18:15 akuti nkhani iyambe pa anthu awiri. Ife timayamba kuuza anthu khumi, mwini nkhani n'kumva pomalizira. Ndiponso tisabise miseche m'mapemphero. Mawu oti "tiyeni timupempherere uje, mwamva zimene wachita?" aononga Zigwirizano zambiri.

(c) Vomerani mbali yanu popanda kuonjezapo "koma". Ngati pali ngongole, kaya ya chilimba, kaya ya thumba la feteleza, kambiranani za kabwezedwe kake. Mlandu suola, ndipo kupepesa kwenikweni kumabweza zimene zingathe kubwezedwa, monga anachitira Zakeyu (Luka 19:8).

(d) Zikakanika, itanani wachitatu. Akhale mayi wachikulire wosunga chinsinsi, amayi busa, kapena mkulu wa mpingo. Ndipo ngati mwapemphedwa kukhala wachitatuyo, musakondere. M'boma lathu la Lundazi tikukhala pamodzi Achewa, Atumbuka ndi Angoni, ndipo mu mpingo umodzi muli achibale ndi obwera. Poyanjanitsa anthu musayang'ane mtundu kapena chibale.

(e) Mnzanu akakana, musataye mtima. Aroma 12:18 akuzindikira kuti mtendere sudalira munthu mmodzi yekha. Chitani mbali yanu, pitirizani kupereka moni, zotsalazo musiyire Mulungu.

Mawu amodzi kwa mayi amene akuzunzidwa. Kukhululuka sikutanthauza kukhala chete pamene mukumenyedwa, kapena pamene mwana akuchitidwa nkhanza. Uzani abusa ndi akulu a mpingo, ndipo pitani ku Victim Support Unit ya apolisi. Petro akuchenjeza amuna kuti mapemphero awo amatsekerezeka ngati salemekeza akazi awo (1 Petro 3:7). Mulungu sakondwera ndi mtendere wonama umene umaphimba nkhanza.

Mawu otsiriza

Baibulo silitiuza ngati Euodiya ndi Suntuke anayanjana. Nkhani yawo inasiyidwa yosamaliza, koma yanu ndi yanga tingathe kuimaliza tikadali ndi moyo. Taona kangati anthu akulira mokweza pamaliro a munthu amene sanalankhule naye zaka zitatu? Pamanda palibe kupepesana. Ngati powerenga phunziroli dzina la munthu wina lakhala likubwera m'maganizo mwanu, musalikankhe. Mwina ndi apongozi anu, mlamu wanu, kapena mnzanu wa m'komiti. Pitani sabata ino, tsiku la Mgonero lisanafike.

Mafunso okambirana

1. Ndi zinthu ziti zimene zimayambanitsa amayi kawirikawiri m'Chigwirizano chathu? (Tchulani zinthu, musatchule anthu.)
2. N'chifukwa chiyani Paulo sananene kuti wolakwa ndani pakati pa Euodiya ndi Suntuke?
3. Fananizani Mateyu 5:23-24 ndi Marko 11:25. Ndani ayenera kuyamba?
4. Tingasiyanitse bwanji kupempherera mnzathu ndi kumujeda?
5. Munthu woyanjanitsa anzake ayenera kukhala wotani?

Pemphero

Atate wachifundo, tikuyamikani chifukwa munatiyanjanitsa ndi Inu mwa Yesu Khristu pamene tinali adani anu. Tikuvomera kuti nthawi zambiri tabwera pamaso panu ndi milomo yotamanda koma mitima yosunga mangawa. Tikhululukireni. Tikumbutseni amene tinawalakwira, ndipo mutipatse kudzichepetsa kuti tipite kwa iwo. Amene anatilakwira, tithandizeni kuwamasula. Tsegulani mitima yathu monga munatsegulira mtima wa Lidiya, kuti makomo athu atsegukirenso anzathu. Sungani Chigwirizano chathu mu mtendere wanu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.