N'chifukwa chiyani Benz yodula imakwinyika ngati chitini?

Okonda magalimoto amanena kawirikawiri kuti Benz yakale inali chitsulo chenicheni, pomwe za masiku ano n'zitini: kungogundana pang'ono, kutsogolo konse kwakwinyika. Eni ake nawonso amadandaula zomwezo makaniko akawatchulira mtengo wokonzetsera. Ine ndikufuna tiione nkhaniyi ndi maso a Fizikisi, chifukwa kukwinyikako si kulakwitsa kwa kufakitale ayi. Anachita kukonza dala, ndipo masamu ake ndi omwe aja mumawerengera m'kalasi pa mutu wa force ndi energy. Koma tiyambe ndi mayi wina amene anazindikira msanga kuti kuyendetsa galimoto ndi nkhani ina, kuiimitsa ndi nkhani inanso.

Ulendo wa Bertha Benz

Pa 29 Januwale 1886, Carl Benz wa mumzinda wa Mannheim ku Germany analembetsa kuboma luso lake la galimoto yoyendera injini ya petulo. Inali ya matayala atatu, injini yake ya silinda imodzi, ndipo ikathamanga kwambiri inkafika makilomita 16 pa ola. Wakabaza wamphamvu akanatha kuipitirira. Anthu ankaiona ngati choseweretsa, ogula panalibe.

Mu Ogasiti 1888, mkazi wake Bertha anadzuka m'mamawa, natenga ana awo awiri aamuna, Eugen ndi Richard, n'kuliza imodzi mwa galimotozo osawauza bambo a m'nyumba. Ankapita kwa mayi ake ku Pforzheim, mtunda wa makilomita pafupifupi 106, tinene ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji. Palibe amene anali atayendapo ulendo wautali chotero pa galimoto. Malo omwetsera mafuta kunalibe, choncho atafika ku Wiesloch anagula m'sitolo ya mankhwala mafuta otchedwa ligroin, amene anthu ankachotsera madontho pa zovala. Paipi ya mafuta itatsekeka, anaitokosa ndi pini ya chipewa chake. Waya wa magetsi utasupuka, anaukulunga ndi kalamba komangira sokosi. Pa zitunda injini inkalephera, anyamata aja n'kutsika kumakankha.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa ulendowu ndi mabuleki. Anali a thabwa lokhuza tayala, ndipo pa mitsetse thabwalo linkatha msanga. Bertha anapita kwa wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Taganizani chimene chinkachitika pamenepo. Chinthu chilichonse choyenda chili ndi kinetic energy, ndipo lamulo limati energy siwonongeka, imangosintha maonekedwe. Kuti galimoto iime, energy yonseyo iyenera kupita kwinakwake. Mabuleki amaisandutsa kutentha kudzera mu friction. Mukatsetsereka ndi njinga mutagwira buleki nthawi yaitali, kakhudzeni limu, mumva kuti yafunda. Imeneyo ndi energy ya liwiro lanu lija. Chikopa cha Bertha chinkagwira bwino tayala ndiponso chinali chosavuta kusintha chikatha, ndipo mpaka lero mabuleki amakhala ndi kachidutswa kamene ntchito yake ndi kutha m'malo mwa chitsulo.

Atabwerako anauza mwamuna wake kuti galimotoyo ikufunika giya ina yokwerera zitunda, ndipo Carl anaiwonjezera. Funso limene Bertha anakumana nalo pa mitsetse, lakuti energy ipite kuti, ndi lomwe tikumane nalonso pa ngozi.

Kasitomala wovuta

Dzina lakuti Mercedes silinachokere kwa Benz. Kufupi ndi mzinda wa Stuttgart kunali kampani ina, ya Gottlieb Daimler ndi injiniya wake Wilhelm Maybach. Mmodzi mwa makasitomala awo anali Emil Jellinek, munthu wachuma wokhala ku Nice m'dziko la France, amene ankakonda mipikisano ndipo sankakhutira msanga. Magalimoto a nthawi imeneyo anali ngati ngolo za akavalo zoikidwa injini: aatali kupita m'mwamba, aafupi mulitali. Pokhota pa liwiro ankagudubuzika. Jellinek anaumirira kuti amupangire galimoto yaitali mulitali, yotambasuka matayala, injini yake ikhale m'munsi. Analonjeza kugula 36, koma ipatsidwe dzina la mwana wake wamkazi, Mercédès. Galimotoyo inapambana mipikisano ya ku Nice mu 1901, ndipo dzinalo linakhazikika. Makampani a Daimler ndi Benz anadzaphatikizana mu 1926.

Chimene Jellinek ankafuna, m'chilankhulo cha m'kalasi, ndi centre of gravity yotsika ndi base yotambalala. Ndi chifukwa chomwecho lole yosanjikiza matumba mpaka m'mwamba imapendekeka pa kona pomwe yopanda katundu imangodutsa. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

Munthu amene anafuna kuti galimoto iziphwanyika

Mpaka cha m'ma 1950, opanga magalimoto ankakhulupirira zomwe anthu ambiri amakhulupirira lero, kuti galimoto yolimba ndiyo yoteteza. Béla Barényi, injiniya wobadwira ku Austria amene analowa ntchito ku Daimler-Benz mu 1939, anaona kuti pangozi galimoto yolimba imatha kutuluka bwinobwino koma anthu a m'kati atafa. Mu 1951 analembetsa luso la galimoto ya zigawo zitatu: pakati pokhala anthu pakhale polimba kwambiri, koma kutsogolo ndi kumbuyo kukhale kotha kukwinyika. Zigawo zokwinyikazo ndi zimene zimatchedwa crumple zone. Galimoto ya W111 imene inatuluka mu 1959 inapangidwa motsata nzeru imeneyi, ndipo chaka chomwecho kampaniyi inayamba kumenyetsa dala magalimoto ake ku Sindelfingen kuti ione mmene akuphwanyikira.

Tiyeni tiwerengere limodzi, tengani cholembera. Tinene kuti munthu wolemera makilogalamu 60 ali m'galimoto yothamanga makilomita 54 pa ola. Liwiro limeneli ndi mamita 15 pa sekondi. Kinetic energy ya thupi lake ndi ½mv², kutanthauza ½ × 60 × 15 × 15, zomwe zikutipatsa 6,750 J. Galimotoyo yagunda chipupa. Thupi liyenera kuima, ndipo energy yonseyo ichotsedwe ndi force yogwira ntchito pa mtunda winawake. Paja work ndi force kuchulukitsa ndi mtunda. Choncho force ndi 6,750 kugawa ndi mtunda umene thupilo laimira.

Ngati galimoto ndi yolimba gwa, n'kungopindika masentimita 10 okha, tigawa 6,750 ndi 0.1. Yankho ndi 67,500 N. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limalemera pafupifupi 500 N, ndiye kuti munthuyo wapsinjidwa ngati ndi matumba 135 nthawi imodzi. Tsopano galimoto ikwinyike theka la mita. Tigawa 6,750 ndi 0.5, yankho 13,500 N, matumba 27. Akadali ambiri ndithu, munthu avulala, koma kusiyana kwa 135 ndi 27 kungathe kukhala kusiyana kwa maliro ndi chipatala. Masamuwa ndawafewetsa, chifukwa pangozi yeniyeni force siikhala yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, komabe chithunzi chake ndi chimenecho.

Nzeru imeneyi thupi lanu limaidziwa kale. Mukadumpha kuchoka mumtengo wa mango simutera miyendo ili chiwongokere, mumapinda mawondo. Wina akakuponyerani dzira, mumalilandira uku mukubweza manja m'mbuyo. Mukutalikitsa mtunda ndi nthawi yoimira kuti force ichepe. Barényi anangoipatsa galimoto mawondo.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchimvetsetse, chifukwa chikukhudza inuyo ngakhale simunakwerepo Benz. Masamu onse aja akugwira ntchito pokhapokha munthu atamanga lamba. Lamba ndi amene amalumikiza thupi ndi galimoto kuti ziime pamodzi. Wosamanga lamba, malinga ndi lamulo loyamba la Newton, amapitirira ndi liwiro lake lomwe lija la mamita 15 pa sekondi pamene galimoto ikukwinyika, kenako amakamenya galasi kapena chiwongolero chimene chaima kale. Iye mtunda wake woimira ndi masentimita ochepa chabe. Theka la mita lija lamupita pachabe. Ngakhale airbag, imene Mercedes-Benz inayamba kugulitsa mu 1981, anaipanga kuti izithandizana ndi lamba, osati kulowa m'malo mwake.

Mwini galimoto akamadandaula kuti ngozi yaing'ono yamudyera ndalama zambiri, sakunama. Chitsulo chimene chakwinyika chagwira kale ntchito yake, ndipo kungochiwongola ndi hamala sikuchibwezera mphamvu yomwera energy ngati poyamba. Pamafunika kusintha, ndipo kutsogolo kwa magalimoto amakono kumakhalanso masensa ndi nyali zodula. Ndalama zimapita zoonadi. Kungoti ine ndikaona chithunzi cha galimoto yophwanyika kutsogolo koma zitseko zikutseguka bwinobwino, ndimadziwa kuti injiniya wake anakhoza mayeso.

Tayala likaleka kuzungulira

Kupewa ngozi kumaposa kupulumuka pangozi, ndipo apa tabwereranso ku mabuleki. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu chifukwa cha mantha, matayala amatha kuleka kuzungulira n'kuyamba kukhwekhwereza pa msewu. Tayala lokhwekhwereza siligwira phula ngati lozungulira, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti silimvera chiwongolero. Mutha kukhotetsa mmene mungathere, galimoto imangopita kumene inkapita. Mu 1978 Mercedes-Benz mogwirizana ndi kampani ya Bosch inaika ABS pa S-Class. Masensa amayeza liwiro la tayala lililonse, ndipo lina likafuna kuima, makinawo amamasula buleki pang'ono n'kugwiranso, kangapo pa sekondi imodzi. Amene amayendetsa galimoto ya ABS koyamba amadabwa kumva chopondera chikunjenjemera kuphazi, ena mpaka amachotsa phazi poganiza kuti china chathyoka. Ayi ndithu, ndi mmene imagwirira ntchito, phazi likhale pomwepo. Pa msewu wafumbi kapena wamiyala nkhani imasinthako: tayala lokhwekhwereza limaunjika dothi patsogolo pake n'kuima msanga, choncho ABS imatha kutalikitsa mtunda woimira, ngakhale kuti chiwongolero chimamverabe.

Mfundo ya Jellinek ija inabwereranso mu Okutobala 1997, ndipo inachititsa kampaniyi manyazi. Inali itangotulutsa galimoto yaing'ono, A-Class. Popeza kutsogolo kwake kunali kwakufupi, malo okwinyika anali ochepa, ndiye mainjiniya anakweza pansi pokhala anthu kuti pangozi injini izilowa kunsi kwawo m'malo mowaphwanya miyendo. Nzeru yabwino, koma inakweza centre of gravity. Atolankhani a magazini ya Teknikens Värld ku Sweden anaiyesa pokhota mwadzidzidzi n'kubwereranso, monga amachitira dalaivala pozemba chinyama chachikulu cha kumeneko chotchedwa elk, kapena kuno pozemba mbuzi. Galimotoyo inagudubuzika. Kampani inayamba yakana kuti pali vuto, kenako inaimitsa kugulitsa kwa miyezi pafupifupi itatu. Inatsitsa galimotoyo, inasintha matayala ndi masipuling'i, n'kuikamo ESP, makina amene amagwira buleki ya tayala limodzi palokha akaona kuti galimoto yayamba kutaya njira. Makinawa anali a magalimoto odula okhaokha, koma kuchokera pamenepo anafalikira ku magalimoto wamba.

Nanga Benz yakale ija?

Oitamanda ali ndi mfundo, kungoti amasakaniza zinthu ziwiri: kukhalitsa ndi kuuma. Dalaivala wa takisi wa ku Thessaloniki m'dziko la Greece, Gregorios Sachinidis, anayendetsa Mercedes-Benz 240 D ya 1976 mpaka inakwana makilomita 4.6 miliyoni, ndipo mu 2004 anaipereka ku nyumba yosungira mbiri ya kampaniyi. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndiye kuti mtunda umenewu ndi ngati kupita kumwezi n'kubwerako kasanu ndi kamodzi. Injini anasinthapo kangapo, tisanamizane. Koma pali zifukwa za sayansi zimene injini zotere zimakhalitsira. Inali ya dizilo, yomangidwa mochindikala kuti ipirire kupanikizika kwakukulu kwa mpweya m'masilinda, komanso yotulutsa mphamvu yochepa poyerekeza ndi kukula kwake, choncho zitsulo zake sizinkagwira ntchito mobanika. Takisi imapindulanso pena: injini imadyeka kwambiri ikangolizidwa ili yozizira, oilo asanafike paliponse, pomwe ya takisi imakhala yotentha tsiku lonse.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti galimoto ya Sachinidis inapangidwa patatha zaka 17 chitulukireni W111. Nayonso inali ndi crumple zone. "Chitsulo chenicheni" chija anachipanga kuti chikagunda chikwinyike.

Tsopano ntchito yanu. Bwererani ku munthu wathu wa makilogalamu 60 uja, koma galimoto ithamange makilomita 108 pa ola, kuwirikiza kawiri liwiro loyamba. Sinthani liwirolo likhale mamita pa sekondi, pezani kinetic energy, kenako force ngati galimoto yakwinyika theka la mita. Akwana matumba angati a chimanga? Mukapeza yankho, werengeraninso kuti kutsogolo kwa galimotoyo kukanayenera kukwinyika mamita angati kuti matumba akhalebe 27, ndipo muyerekeze ndi kutalika kwa boneti ya galimoto iliyonse imene muione pamsewu mawa.