Kalabu yomwe inkakhala m'buti mwa a Tcheya

Mu Novembala 2019 timu ya Malawi ya kiriketi inakumana ndi ya Mozambique pa Lilongwe Golf Club ku Area 3, mu mpikisano wa Kwacha Cup. Awa anali masewero oyamba a T20 a timu ya amuna ya dziko lino amene bungwe la ICC linawawerengera ngati a pakati pa mayiko, ndipo chikho chinatsala konkuno. Anthu ambiri a mumzinda muno sanadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu, pakuti kiriketi mizu yake ili ku Blantyre. Koma ife ochepa okonda masewerowa mtima unatitentha. Tinayamba kukumana Loweruka, ndipo pofika 2023 tinkadzitcha kalabu.

Dzina la kalabuyo sinditchula, ngakhale la munthu aliyense, chifukwa timaonanabe m'maliro ndi m'maukwati. Munali a m'maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill, amalonda a ku Old Town, aphunzitsi, komanso anyamata a ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Anyamatawa ndiwo ankaponya mpira mwaluso kuposa tonsefe a mimba. Ine ndinali wolemba maranzi m'buku.

Msonkhano wotsegulira chaka tinachitira pakhonde la nyumba ya wapampando wathu ku Area 10, mvula ili kumapeto. Mphunzitsi wina anaimirira n'kunena kuti aliyense azisonkha kangachepe pamwezi, titsegule akaunti kubanki, katundu alembedwe. A Tcheya, omwe anali ndi sitolo ku Old Town, anaseka.

"Aphunzitsi, zimenezo zisiyeni. Inu muzingobwera kudzasewera basi. Zotsalazo n'zanga."

Tinawomba m'manja mpaka agalu a nyumba yoyandikana anauwa. Msungichuma tinasankhabe, poti komiti imayenera kukwana, koma chaka chonse sanasungepo ngakhale tambala.

Amene sadziwa kiriketi sangamvetse kukula kwa lonjezo limeneli. Mpira wamiyendo umangofuna mpira umodzi ndi miyala inayi. Kiriketi ndi ina. Pamafunika mabati a mtengo wapadera womwe kuno kulibe, zotchingira miyendo, magolovesi, zipewa zolimba zoteteza mutu, timitengo ta mawiketi, mkeka woyala pakati pa bwalo, ndi mpira wachikopa umene suchedwa kutha, ndipo masewero enieni amafuna watsopano. Zonsezi zimachokera kunja, ku India, Pakistan kapena South Africa, ndiye mtengo wake umayendera dola. Onjezani kutchetcha udzu, laimu wolembera mizere, madzi, chakudya, ndi kangachepe ka ma-ampaya awiri oimirira padzuwa maola atatu. A Tcheya anasenza zonsezi okha.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti zinthu zinkayenda bwino. Mmawa wa Juni, kuzizira kukulasa zala, galimoto yawo yoyera inkalowa pageti, anyamata n'kuithamangira. Akatsegula buti, kalabu yonse inali mmenemo: chikwama chachikulu chonunkha thukuta la anthu khumi ndi mmodzi, mipira m'katoni ya sopo, chipewa chimodzi chomangidwa ndi waya pamene chitsulo chake chinathyokera, mabanzi ndi fulasiki ya tiyi. Madzulo a Tcheya ankapisa m'thumba n'kupatsa mnyamata aliyense ya minibasi. Palibe amene ankalemba. Bwalo nalo linali la eni ake, ndipo mgwirizano woti tizisewerapo unali wa pakamwa, pakati pa iwo ndi a Tcheya. Ife tinkangoona geti likutseguka.

Zaulere zimatseka pakamwa. Izi ndinayamba kuziona m'buku langa lomwe. A Tcheya ankamenya mpira pa nambala yachitatu sabata iliyonse, ngakhale maranzi awo anali osaoneka. Ndani akanawauza? Mndandanda wa osewera unkatuluka Lachisanu usiku pa WhatsApp, kuchokera pafoni yawo. Tsiku lina mnyamata wa ku Biwi, amene anagwetsa mawiketi ambiri kuposa aliyense, anasiyidwa kuti alowe mlendo wa a Tcheya wochokera ku Area 43, munthu yemwe ankagwira bati ngati mpini wa khasu. Mnyamatayo anakhala pambali panga tsiku lonse akundithandiza kuwerenga mipira isanu ndi umodzi ya ova iliyonse. Ndinamufunsa ngati zamukhumudwitsa.

"Ayi madala, katundu ndi wawo," anatero.

Sanalakwitse. Ndipo poti palibe amene ankalipira kanthu, palibenso amene ankamva kuwawa akajomba. Wina ankati kuli chinkhoswe, wina ulendo wa kunyanja, wina ankangozimitsa foni. Munthu amene watulutsa ndalama yake amadzuka ngakhale kukuzizira. Wongopatsidwa amayang'ana kunja n'kubwerera m'bulangete.

Mu Seputembala anzathu a ku Blantyre anatiitana. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 300 pamsewu wa M1, ndipo chaka chimenecho mafuta ankasowa pafupipafupi. A Tcheya analonjeza kuti apeza dizilo. Lachisanu madzulo anali akadali pamzere, usiku n'kulemba kuti ulendo walephereka. Tikanakhala ndi thumba lathu tikanakwera basi. Anzathuwo anali atatchetcha kale bwalo ndi kuitanitsa chakudya. Sanatiitanenso.

Kenako kunabwera Novembala. Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Wamalonda aliyense woitanitsa katundu kunja anagona ndi ngongole ina n'kudzuka ndi ina. A Tcheya anasiya kuyankha mafoni. Galimoto yoyera ija anaigulitsa, chikwama n'kuchiika m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa sitolo. Lendi itachuluka, mwini nyumba anakhomapo loko wake.

Tinapita anthu atatu kukapempha chikwama chokhacho. Bamboyo anatilandira bwino, natipatsa mipando, koma funso lake linali limodzi: "Muli ndi pepala losonyeza kuti katunduyu ndi wa kalabu?" Tinalibe. Ndipo kunena zoona sanali wa kalabu. Malisiti onse anali m'dzina la munthu mmodzi. Kubwalo nako mlonda amene ankatilonjera chaka chonse anaima pageti mwaulemu. "Pepani mabwana, akuluakulu akuti ankagwirizana ndi abwana aja. Inuyo sakukudziwani."

Mvula inagwa mu Disembala. Mkeka, umene tinausiya wokulungidwa kuseri kwa bwalo poganiza kuti tibweranso Loweruka, unanyowa n'kuchita nkhungu, chiswe n'kumalizitsa. Pamsonkhano wa Januwale tinakwana pabenchi imodzi. Mphunzitsi uja anabwera ndi mitengo ya katundu watsopano, tinaiyang'ana, aliyense n'kuyamba kuonera foni yake. Sonkhasonkha yemwe tinamukana mu Malichi akanatigulira mipira ya chaka chonse pamtengo wakale. Anyamata a ku Kawale anabwerera ku mpira wamiyendo. Wa ku Biwi uja ndimakumana naye cha kudepoti, akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza.

Ena amanyoza a Tcheya mpaka lero. Ine sindili nawo. Munthuyo anatidyetsa, anativeka, sanabe kanthu ka aliyense, ndipo mavuto amene anamugwera anagwera amalonda ambiri. Chimene chinapha kalabu ndi kuwomba m'manja kuja, pamene anthu akuluakulu olandira malipiro mwezi ndi mwezi tinasangalala kuti tapeza wotilipirira masewero athu.

Inu amene muli m'kalabu ya kiriketi, ya netiboli, kwaya kaya timu ya m'dera, ndipo muli ndi bwana wanu wamtima wabwino, mulandireni ndi manja awiri. Koma zimene akupereka zilowe m'buku ngati mphatso ya kalabu, ndalama zidutse ku akaunti yosainira anthu awiri kapena atatu, mgwirizano wa bwalo ulembedwe m'dzina la gulu, ndipo aliyense azisonkha, ngakhale wosauka aponyepo kochepa. Pamsonkhano wanu ukubwerawu imirirani mufunse kuti katundu amagona kuti, ndipo kiyi ali ndi ndani.