Malangizo: Mbuna m'bokosi lagalasi

 Ena mwafunsa zoweta nsomba za m'nyanja yamchere m'nyumba. Zimenezo zimafuna mchere wapadera ndi magetsi osazimazima. Kwathu kuno ku Malomo n'kudziputira mavuto. Yambani ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimatumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay.

Bokosi likhale la malita 200, poti madzi ambiri saipa msanga. Madzi okhawo amalemera ngati matumba 4 a feteleza, ndiye tebulo lisakhale logwedera. Sanjikizanimo miyala, mbuna zimakonda ming'alu. Sefa izungulitse madzi milungu 4 mpaka 6, mukuponyamo tizakudya, kuti tizilombo todya zonyansa tichuluke nsomba zisanalowe. Juni ndi Julaye kumapiri kuno kumazizira: ikani chotenthetsera, madzi asatsike pa madigiri 24.