Chisipanishi cha m'magazini: ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, ndine Mmalawi, ndimachita geni ku Kariakoo kuno ku Dar es Salaam. Ndayamba kuphunzira Chisipanishi pa foni, koma ndikatsegula magazini ndi nyuzipepala za m'chilankhulochi sinditolapo kanthu. Ndiloweze mawu ati?

YANKHO: Achimwene, mawu a zosindikiza ndi ochepa, mutha kuwaloweza muli m'daladala. Magazini ndi revista, nyuzipepala ndi periódico kapena diario, tsamba loyamba ndi portada, mutu wa nkhani ndi titular. Yotuluka sabata ndi sabata amati semanal, ya pamwezi mensual, pamene quincenal imatuluka kawiri pamwezi. Musamale ndi editorial: akati el editorial ndiye ndemanga ya akonzi, koma la editorial ndi kampani yosindikiza mabuku.

Komatu mawu amenewa angokulowetsani pakhomo. Chimene chingakuthandizeni ndi kuwerenga nkhani yoti mukuidziwa kale. Ngati ndinu wa mpira, mwayi ndi wanu. Muyambe mwawerenga za masewero a dzulo a La Liga m'Chiswahili kapena m'Chingerezi, kenaka mutsegule Marca pa intaneti. Nyuzipepala ya zamasewera imeneyi idayamba mu 1938 ndipo imatuluka tsiku ndi tsiku ku Madrid; okonda Barcelona amathamangira ku Mundo Deportivo kapena Sport. Poti zigoli mukuzidziwa, mawu amadziulula okha: empate ndi kufanana mphamvu, entrenador ndi kochi, lesión ndi kuvulala, fichaje ndi kugula wosewera. Fufuzaninso zimene nyuzipepalazi zidalemba mu May 2019 pamene Sevilla idabwera ku Dar komweko n'kugonjetsa Simba 5-4. Anzanu a ku Kariakoo akufotokozerani zotsalazo, mwina mowonjezera.

Nyuzipepala ya El País, yomwe idayamba mu 1976, muisiye kaye: ziganizo zake n'zazitali, ndale zake n'zachilendo kwa inu. ¡Hola!, magazini ya mu 1944, ndi yosavuta chifukwa zithunzi n'zambiri, bola ngati maukwati a mafumu a ku Ulaya sakutopetsani. Ine amanditopetsa.

Muziwerenga mokweza. Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu, amamveka ngati athu omwewa, ndipo ñ ndi ny wathu wa mu nyama. Chilembo h sachitchula, j amachitulutsira kukhosi. Mitu itatu pa tsiku, yolembedwa m'kope pamodzi ndi el kapena la wa dzina lililonse, ndi yokwanira mwezi woyambawu.