Phunziro la Chingerezi: Kufunsa ndi Kupempha

Munthu wofuna kulemba kalata ya Chingerezi ayenera kuyamba wadziwa kuti ziganizo zili za mitundu 4: chonena, chofunsa, cholamula ndi chodabwa. Chonena ndi chodabwa sizisautsa kwenikweni. Msampha uli pa chofunsa.

Pa Chichewa munthu angoika "kodi" patsogolo, mau ena onse nakhala m'malo mwao. Chingerezi chilibe "kodi". Icho chitembenuza mau kuti mneni atsogole. Kotero "The child is sick" asanduka "Is the child sick?" Koma si mneni aliyense angathe kutsogola chotero. Pamene palibe is, are, can, will kapena anzao otere, wolemba abwereka do, does kapena did. "She cooks beans" asanduka "Does she cook beans?", ndipo s uja wachoka pa cooks chifukwa does wamtenga. Chimodzimodzi "He went home" asanduka "Did he go home?" Ambiri, ngakhale amene anapita patali ndi sukulu, alemba "Did he went?", osazindikira kuti did wasenza kale nthawi yapita, ndipo katundu mmodzi sasenzedwa ndi anthu awiri.

Chiganizo cholamula chifuna kusamala kwina. Mchewa aonetsa ulemu ponena "ndipatseni" m'malo mwa "ndipatse", koma Mngerezi ali ndi you mmodzi yekha kwa mfumu ndi kwa mwana yemwe. Tsono mnyamata wolemba "Give me work" kwa mwini ntchito amveka wamwano, chinkana mtima wake uli wodzichepetsa ndithu. Akadalemba "Could you please give me work?" pempho lake likadavala maonekedwe a funso, ndiwo ulemu wa chinenerocho.

Mitundu ya mau ili 8: dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Kuiloweza pamtima kokha sikupindula zambiri, pakuti liu lidziwika ndi ntchito yake m'chiganizo. Mu "The water is cold", water ndi dzina. Mu "They water the garden", water yemweyo ndi mneni.

Aphunzitsi ayese ana ao ndi ziganizo izi, azisandutse mafunso ndi kutchula mtundu wa liu lililonse: "The boys can read." "My mother sells fish." "The teacher came yesterday."