Kodi Chithunzi cha Ubongo Chingatiuze Ngati Mwana Adzachira?

Mwana akagwa mumtengo kapena akagundidwa ndi galimoto n'kukomoka, makolo amafunsa chinthu chimodzi: kodi adzuka? Madokotala amayamba ndi muyeso wa Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukhazikitsa mu 1974. Amaona ngati wodwalayo akutsegula maso, akulankhula komanso akusuntha ziwalo. Malikisi ake amayambira pa 3 kulekezera pa 15, ndipo wopeza 8 kutsika m'munsi ndiye kuti wavulala kwambiri. Komabe ana awiri a malikisi ofanana akhoza kuthera kosiyana, wina n'kubwerera kusukulu, wina osadzalankhulanso.

N'chifukwa chake amajambula mkati mwa mutu. Makina a CT ndi achangu. M'mphindi zochepa amaonetsa chigaza chosweka kapena magazi oundana amene akufinya ubongo, dokotala n'kudziwa ngati pafunika opaleshoni. Koma saona bwino timinyewa ting'onoting'ono tonyamula mauthenga mu ubongo, timene timaduka mutu ukagwedezeka mwamphamvu ngakhale chigaza chili bwinobwino. Makina a MRI, ogwiritsa ntchito maginito, amaonetsa timadontho ta magazi pamene timinyewato taduka. Kungoti amachedwa, ndipo mwana ayenera kugona osasuntha, mwina atam'patsa mankhwala ogonetsa.

Madokotala amayang'ananso malo amene avulala. Kuvulala kukakhala mu brainstem, tsinde la ubongo loyendetsa kupuma, kapena mu corpus callosum, mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongo, mwayi wochira bwino umachepa. Koma umenewu ndi mwayi chabe, si chigamulo. Ana ena achira kuposa mmene chithunzi chinkaonetsera.

Ife ophunzira zauphunzitsi pali chimene tiyenera kuchigwiritsa. Chigawo cha ubongo chakumphumi, chothandiza munthu kudziletsa ndi kukonzekera zochita, chimakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Mwana wovulala ali ndi zaka 5 akhoza kuoneka wochira, vuto n'kudzatulukira ali sitandade 7, pamene maphunziro ayamba kufuna luso limene chigawocho chinayenera kum'patsa. Amaiwala malangizo, amatopa msanga, amapsa mtima popanda chifukwa. Zikatere, woyamba kuona si dokotala ayi, ndi mphunzitsi, ndipo n'kosavuta kungomutcha mwanayo waulesi. Ine ndikadzakumana ndi mwana wotere m'kalasi, ndidzayamba ndafunsa makolo ake ngati anavulalapo m'mutu.